Kandege ka Mbozi ndi Mphanda za Kumanda

Mukadzafika pa Nsaru n'kumva anthu akuitana munthu kuti "a Manja M'mwamba", musadzavutike kufunsa kuti ndi ndani. Ndine. Dzinali ndinalipata chaka chatha mu Januwale, ndipo ndinalipata ndi thukuta langa, palibe amene anandisemera chinyau. Nkhani yake ndimaithawa ndikakhala pagulu, koma poti aliyense amaifotokoza mmene akufunira (ena akuti ndinalira, lomwe ndi bodza pang'ono), ndati bola ndiinene ndekha.

Ndisanayambe kulima fodya ndinagwirako ntchito yaulonda m'tauni zaka ziwiri. Pageti pamene ndinkakhala pankaonekera TV ya abwana kudzera pawindo, ndipo abwanawo ankakonda nkhani za nkhondo za kunja. Mawu sankandifika, koma zithunzi ndinkaziona: ndege zouluka zopanda munthu m'kati, asilikali ali phee m'chipinda, akuonera anthu apansi pakanema. Zotsalazo ndinkamalizira ndi wailesi, ndipo pamene wailesi yalekezera ndinkamalizira ndi mutu wanga. Nditabwerera kumudzi ndinapezeka kuti ndine katswiri wa ndege zozonda m'dera lonse, popanda wonditsutsa.

Sukulu yanga inali m'tiyirumu ina pamsika, Loweruka lililonse.

"Zinthu zimenezi zili ndi msika wake," ndinkatero uku ndikunyika sikono m'tiyi. "Mmene ife timapitira ndi mabelo ku okushoni, maiko nawo amapita kukagula ndege zozonda. Zilipo zazikulu zokhala m'mitambo tsiku lonse osatera, zilipo zazing'ono zoti mutha kuzinyamula m'thumba la feteleza. Dziko lolemera limagula giredi yoyamba, losauka limatola zotsala."

"Nanga zimaona chiyani kumwambako?" wina ankafunsa.

"Chilichonse, achimwene. Nsabwe ya m'mutu mwanu. Ngakhale mubisale pansi pa mtengo, zimaona kutentha kwa thupi. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kudzipaka matope thupi lonse kuti muzizire, n'kumangirira masamba kumutu."

Tsiku lina, pofuna kuopseza mkulu wina wootcha makala amene ankandiseka, ndinawonjezera kuti nafenso kuno zagulidwa zingapo, ntchito yake kuzonda odula mitengo. (Izi sindinazimve paliponse. Zinangobwera pamodzi ndi tiyi.) Mkuluyo anasiya kuseka, ine ndinasangalala, ndipo ndinaibwereza nkhaniyo Loweruka zingapo mpaka ndinayamba kuikhulupirira ndekha.

Tsono kuti mumvetse chimene ndinataya, ndikuuzeni za pakhomo. Ine kwathu ndi cha ku Kabudula, koma ndimakhala kwa akazi anga, Naphiri, pa chikamwini. Pamenepo n'kuti zaka zitakwana zisanu ndi zinayi. Mayi anga kumudzi atsala okha, miyendo ikuwavuta, ndipo ndinali nditawalonjeza kuti mvula ina isanagwe ndidzakhala nditabwera ndi banja lonse. Ndinapempha chitengwa kwa atsibweni a akazi anga, a Lufeyo, munthu wofatsa, wolankhula motsitsa moti umachita kusendera kuti umve. Iwo sanakane. Anangoti, "Kololani fodya wa chaka chino, akamwini, tione kuti mwana wathu akadya chiyani kwanuko, kenako tikhala pansi." Aliyense anadziwa kuti pamenepo avomera kale. Mayi anga anali atayamba kulambula pamalo omanga nyumba.

Kenako mvula ya mphepo inagwetsa chigafa changa, fodya atatsala masabata awiri kuti ndiyambe kuthyola. Mphanda zisanu ndi imodzi zinathyoka. Kwathu kuno mtengo wa mphanda umachita kuusaka, tchire linatha kalekale. Mitengo yeniyeni, yowongoka, ya nthambi ziwiri pamwamba, inatsala malo amodzi okha: kumanda. Ndipo nonse mukudziwa kuti kumanda sulowako chilowelowe, popanda maliro ndi popanda mawu a amfumu. Mwini mudzi salowako, nanji mkamwini amene alibe ndi m'bale mmodzi yemwe wogona kumeneko. Onjezani kuti ine ndine Mkatolika woimba nawo kwaya, njira ya gule wamkulu sindinagule. Panalibe chifukwa ngakhale chimodzi choti phazi langa lipondeko.

Kupempha kwa atsibweni ndinakuganizira, koma ndinati ayi, aona ngati ndine munthu wolephera, chitengwa n'kuchedwa. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

Lolemba m'mawa Naphiri anandipeza ndikunola nkhwangwa.

"Bambo a Tadala, alangizi aitanitsa msonkhano kusukulu. Akuti kwabwera alendo pa nkhani ya mbozi zikudya chimangazi. Tiyeni."

"Mbozi ndi nkhani yoti ine ndikakhalire pansi? Pitani inuyo, mudzandiuza."

Mudzi wonse unapita kumsonkhano, ndipo ine ndinaona kuti Mulungu wandipatsa mpata. (Ndikudziwa kuti sanali Mulungu.) Ndinalowa kumanda ndikupepesa chamumtima kwa aliyense wogona kumeneko, n'kudula mphanda zinayi. Pofika masana zinali zitaima kale pachigafa. Naphiri atabwera anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Izi mwazitenga kuti?"

"Mnzanga wina wandibweretsera pangolo."

"Oho. Paja kumsonkhano kuja akuti Lachinayi kubwera ka..."

"Za mbozizo mundiuze mawa, mayi a Tadala, mutu ukundiwawa."

Mawalo silinafike. Lachinayi dzuwa lili paliwombo, anthu ataweruka kobandira, ndinabwererako kukatenga mphanda ziwiri zotsala. Yoyamba ndinaitulutsa bwinobwino. Yachiwiri ndinali nditangoifikitsa m'mphepete mwa manda, pamene pamayambira munda wa chimanga wa atsibweni a Lufeyo, pamene ndinamva kulira ngati kwa njuchi zikusamuka. Ndinaponya mphanda ndi nkhwangwa m'tchire, n'kulowa m'chimanga chokwawa. Kulirako kunkangokula. Nditadzutsa maso ndinakaona: kanthu ka miyendo inayi, kotuwa, kakuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa mizere, kadiso kake kakuda kali chopenya pansi.

Maphunziro onse amene ndinkaphunzitsa anthu m'tiyirumu anandibwerera nthawi imodzi, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe lotonthoza. Zagulidwadi, ndinatero mumtima, ndipo munthu woyamba kumugwira ndine.

Koma paja mankhwala ndinkawadziwa. M'ngalande ya pakati pa mizere munali matope a mvula ya dzulo lake. Ndinavula shati, poti yoyera imaonekera patali, n'kuyamba kudzipaka, kumaso, pachifuwa, m'khwapa, kumsana mmene dzanja linkafikira. Ndinathyola masamba a chimanga cha atsibweni n'kuwamangirira kumutu ndi luzi lomangira mphanda, ena ndinasomeka m'chiuno. Kenako ndinagona chafufumimba m'ngalandemo kuti thupi lizizire.

Chimene sindinkaphunzitsa m'tiyirumu, chifukwa sindinachione pa TV ya abwana, n'chakuti nyengo ya mvula m'ngalande mumadutsa linthumbu. Ndinagona pamsewu wawo weniweni. Ndinapirira woyamba, ndinapirira wachiwiri, koma atalowa m'thalauza ngati gulu ndinadziwa kuti usilikali wandikanika. Ndinadzambatuka, thalauza uko, n'kuyamba kupondaponda pansi, kudumpha, kuzungulira, kudzimenya m'ntchafu. Kandege kaja kanaima. Kanaima ndithu pamwamba panga penipeni, osapita kutsogolo, osabwerera.

Apo ndinangoti basi, zatha. Ndinakweza manja onse awiri m'mwamba monga amachitira ogonja pankhondo, miyendo ikupitiriza ntchito yake yokha chifukwa linthumbu silidziwa za kugonja, n'kukuwa kuti, "Ndagonja, bwana! Musawombere!" Kandegeko kanatembenuka mwaliwiro n'kuthawira cha kusukulu. Ndinati kapita kukanena.

Ndinakasamba kudambo, n'kubwerera kunyumba mozemba. Naphiri anali atapita kuchigayo, moti panalibe munthu woti andiwongole maganizo. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana kumsewu. Cha m'ma 3 koloko galimoto yoyera inadutsa pang'onopang'ono n'kukaima pakhomo pa atsibweni. Munatuluka alangizi athu a zaulimi, kenako mayi wina wachilendo atanyamula bokosi lakuda. Ndinadziwa chimene chinali m'bokosimo.

Paulonda ndinaphunzira chinthu chimodzi: wakuba amene wavomera yekha amamenyedwa pang'ono. Ndinathamangitsa tambala wathu mpaka kumugwira kuseri kwa nkhokwe, ndinamupanira m'khwapa, ulendo kwa atsibweni.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango. Atsibweni anali pampando, alangizi pabenchi, mayi wachilendo uja atakhala pansi pamphasa atamanga chitenje, mutu uli chozyolika. Chapataliko panali apongozi anga, amayi ake a Naphiri, akusenda mtedza wambewu. (Apongozi amenewa pa zaka zisanu ndi zinayi tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire.) Munthu wanzeru akanadabwa kuti wodzagwira wakuba akukhaliranji pansi mwaulemu chonchi. Ine sindinadabwe. Ndinagwada, tambala patsogolo, n'kuwomba m'manja.

"Zikomo, atsibweni. Alendowa asavutike kufotokoza, ndinena ndekha."

"Akamwini, taimani kaye, alendowa angofika kumene..."

"Ayi, atsibweni, ndinena. Ndine. Amene amuona ndine. Lolemba, inu muli kumsonkhano, ndinalowa kumanda n'kudula mphanda zinayi, zili pachigafa changa pano. Lero ndadula ziwiri, ina ili kuseri kwa chulu, ina ili m'tchire pamodzi ndi nkhwangwa. Kwa akazi anga ndinanama kuti zabwera pangolo." Nditaona kuti palibe akuyankha, ndinaganiza kuti akudziwa zambiri, choncho ndinapitiriza. "Komanso chaka chijachi ndinadulako kamtengo ka mpini wa khasu. Kamodzi kokha. Masamba a chimanga chanu ndathyolanso ndine."

Ngakhale tambala anangoti duu. Apongozi anasiya kusenda mtedza.

"Mwamaliza, akamwini?" anafunsa atsibweni, ndi mawu awo otsitsa aja.

"Ndamaliza."

"Palibe china chotsala, eti?"

"Palibe."

"Chabwino. Alangizi, pitirizani zimene munkafuna kunena."

Alangizi anakhosomola kawiri. Anati mayiwa ndi amene amaulutsa kandege kojambula minda, kuti aone pamene mbozi zavuta kwambiri, monga anafotokozera kumsonkhano wa Lolemba. Kumsonkhanoko akuluakulu anavomera, koma anaika lamulo limodzi: kandegeko kasadutse pamanda ndipo kasajambule chilichonse cha kumeneko. Kenako mayi uja analankhula yekha.

"Pepani kwambiri, agogo. Ine ndinasunga lamulo, ndinathera pamzere womaliza wa chimanga chanu. Koma mwadzidzidzi ndinangoona chilombo chatulukira m'chimangamo, matope thupi lonse, masamba kumutu, chikuvina. Chitakweza manja kundithamangitsa ndinabweza kandege nthawi yomweyo. Sindinachite dala. Tabwera kuti mutiperekeze kwa amfumu tikapepese, ndipo chithunzicho tichifufute pamaso panu. Sindinachionetse munthu aliyense, ngakhale ineyo sindinachiyang'anenso."

Ndikukuuzani, ndinalakalaka linthumbu lija likanangondimaliza. Mayi uja anadzapepesa. Chithunzi chinkakafufutidwa osayang'anidwa. Ndikanangokhala pakhonde panga n'kumakanda zilonda zanga, lero bwenzi ndili ku Kabudula.

Atsibweni anakanda chibwano. "Ndimadabwatu kuti gule watuluka bwanji masana ano ine osadziwa. Mayi, poti mwini wake wapezeka, tatiyeni tichione."

Anatsegula tabuleti. Ndinapemphera kuti batire ithe, koma inali yodzaza. Poyamba kunaoneka chimanga chokhachokha, mizere yobiriwira. Kenako pakati pa mizere panadzambatuka chinthu chakuda, cha masamba kumutu, chitangotsala ndi kachovala kam'kati, chikuponda pansi ndi mphamvu zonse, manja ali m'mwamba. Kunena zoona, sitepe yake inali yabwino. Padzanja lamanzere pankanyezimira wotchi yanga ya paulonda.

"Zilombo zathu sizivala wotchi, mayi," anatero atsibweni. "Mulibe mlandu."

Apa m'pamene ndinaona chinthu chimene sindidzachiiwala. Apongozi anga anadzuka pamtedza paja, anabwera pang'onopang'ono, n'kusuzumira paphewa pa alongo awo. Anayang'ana mpaka kanema anatha. Kenako anatseka pakamwa ndi chitenje, n'kuyenda mwaulemu kupita kuseri kwa nyumba. Zimene tinamva kuchokera kumeneko ena akuti chinali chifuwa. Sichinali chifuwa.

Ndipo pakamwa panga, m'malo mokhala chete, panafunsa kuti, "Nanga mphanda zija zili pati pamenepo?"

"Mphanda zake ziti, bambo? Kamera imaona pansi pake pokha. Manda sakuoneka n'komwe."

"Koma kutentha kwa thupi imaona, eti?"

"Iyiyi ayi. Imaona masamba odyedwa ndi mbozi."

"Si ya asilikali?"

Mayiyo anandiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundocho chinandiwawa kuposa kuseka kwa apongozi. "Za asilikali zilipo kumaiko uko, bambo, zodula kwambiri. Koma sindikhulupirira kuti angazitumize kudzaona chigafa chanu."

Naphiri anamva nkhaniyi asanatule n'komwe thumba la ufa. Sanakalipe. Anakhala pakhonde, n'kundiyang'ana zilonda za linthumbu m'miyendomu.

"Kandege kameneko ndi kamene ndinkafuna kukuuzani Lolemba lija," anatero. "Munati mutu ukukuwawani."

Mlandu unakambidwa Loweruka, tsiku la sukulu yanga ya m'tiyirumu, moti ophunzira anga onse anabwera kudzaonera aphunzitsi awo. Tambala uja sanakwane, inapita mbuzi. Mphanda zonse ndinazizula pachigafa n'kuzibweza ndekha, imodziimodzi paphewa, dzuwa likuswa mtengo, adzukulu okumba manda akundiperekeza. Ndinalamulidwanso kubzala mitengo isanu ndi iwiri m'mphepete mwa manda, wachisanu ndi chiwiriwo kulipira mpini wa khasu umene palibe anandifunsa.

Madzulo ake atsibweni anandiitana kuseri kwa nyumba yawo. Anavundukula udzu, ndipo pansi pake panali mulu wa mphanda za bulugamu, zouma bwino.

"Tengani zisanu ndi imodzi, fodya asawole," anatero. "Zakhala pano chaka chonse. Mukanangobwera kudzanena."

Ndinangowomba m'manja, maso ali pansi.

"Za chitengwa sitinakane," anapitiriza. "Koma mwana wathu sitingamupereke m'manja mwa munthu amene ali ndi ngongole kwa akufa athu. Mitengo mukabzaleyo ikadzakupitirirani msinkhu, mudzabwere tidzakhale pansi. Mubzala mtengo wanji?"

Apa, okondedwa, Mulungu anandipatsadi mpata weniweni. Ndikanati keshya, mtengo wongothamanga wokha. Koma katswiri wa m'kati mwanga anali asanafe. Ndinawongola khosi n'kunena kuti akuluakulu ogona kumeneko sayenera mitengo wamba, ndibzala mbawa, mtengo waulemu. Naphiri, amene anali atagwada chapambali, anangotulutsa mpweya wautali. Atsibweni anamwetulira n'kunena kuti ndasankha bwino.

Kwa mayi anga ndinapita ndekha, panjinga, ndikukonza bodza njira yonse. Ndinawapeza nkhani itafika kale, pamodzi ndi dzina langa latsopano. Pamalo paja analambula panali patameranso udzu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osaseka ngakhale pofika pa linthumbu, ndipo ndikanakonda akanaseka.

"Basi chabwino," anatero. "Kandegeko n'kamwayi. Kanakuona iwe masana, ine mayi ako ndimakuona kamodzi pamwezi."

Pobwerera sindinakwere njinga mpaka nditadutsa mlatho, ndinkangoikankha.

Mbawa zija zilipo zonse zisanu ndi ziwiri. Ndinazitchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndipo chilimwe chonse ndinkazithirira ndi kheni kawiri pasabata, anthu opita kumsika akundipatsa moni ndi manja onse awiri m'mwamba. Kutiyirumu ndimapitabe. Sabata yatha mlendo wina anafunsa ngati n'zoona kuti kunja kuli ndege zoona munthu ali m'nyumba, ndipo anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinati sindikudziwa. (Ndinangowonjezera pang'ono za msika wake, kuti mlendoyo asapite chimanjamanja.) Pochoka pamenepo ndinadzera kumanda, kunja kwake, n'kuima pafupi ndi mbawa yaitali kuposa zonse. Yafika m'chiuno. Ndinayesako kupinda mawondo pang'ono, kenako ndinayang'ana kumwamba, n'kuwongoka.